Kuyambira ku Mankhamba Mpaka pa Shedi Yathu: Mbiri ya Nyumba za Anthu Onse Kuno Kuchigwa



Kopaletivi ikakwanitsa zaka khumi imayamba kuganiza zomanga. Zaka zoyambirira zimathera pa kulembetsa, kusonkha masheya, kusaka misika ndi kuphunzira kukhulupirirana pa ndalama. Zimenezi zikakhazikika pamatsala funso limodzi: kodi tidzabwereka kalasi ya kusukulu ndi kuchita lendi mashedi a eni mpaka liti? Ifenso tafika pamenepo. Koma nkhani ya nyumba ikangotchulidwa pamsonkhano, anthu amagawikana pawiri. Ena akufuna yamakono: mabuloko a simenti, malata amtundu, magalasi akuluakulu kumaso, yoti munthu wodutsa pamsewu wa M5 aziima n'kufunsa kuti ofesi imeneyi ndi ya yani. Ena akuti ayi, timange ngati za kumishoni, njerwa yofiira, chipupa chonenepa ndi khonde lalikulu, poti zija zaona zaka zoposa 100 ndipo zili chiimire.

Mkangano umenewu sunayambe ndi ife, ndipo si wachibwana. Ndalama zimene zidzamange nyumbayo ndi thukuta lathu la kumunda. Feteleza wolakwika umalira naye chaka chimodzi, koma nyumba yolakwika umakhala nayo mpaka adzukulu. N'chifukwa chake pa chikondwerero chino ndi bwino tiyang'ane m'mbuyo, tione mmene anthu a chigwa chino akhala akumangira nyumba za anthu onse, zimene zinawayendera ndi zimene zinawavuta.

Likulu la mafumu lopanda njerwa

Ambiri timadutsa pafupi ndi Mankhamba, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu, osaganizako kuti pamenepa panali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi. M'zaka za m'ma 1600 ufumu umenewu unkamveka mpaka ku Zambezi ndi madera amene lero ali ku Mozambique ndi ku Zambia. Katswiri wofukula zakale, Dr. Yusuf Juwayeyi, atakumba pamalopa anapeza mikanda ya galasi yochokera kutsidya kwa nyanja zamchere, zibenthu za mbale za ku China, zinthu za mkuwa, minyanga ya njovu yosema ndi mapale osawerengeka. Anali malo a chuma ndi malonda. Koma mukapitapo lero simuona chipupa ngakhale chimodzi. Ku Great Zimbabwe mafumu anamanga ndi miyala ndipo makoma alipobe. Kuno anamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, ndipo zonse zinabwerera kunthaka kumene zinachokera.

Kodi ndiye kuti makolo athu analibe nyumba za anthu onse? Anali nazo, koma ulemu wake sunali m'chipupa. Milandu inkakambidwa pabwalo, pansi pa mtengo wa mthunzi, pamene aliyense ankatha kuona ndi kumva. Nsembe ankathira pakachisi, kanyumba kakang'ono koti mwana akhoza kukakumbatira. Angoni a Kachindamoto atatsikira kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kwa iwo mtima wa mudzi unali khola la ng'ombe, ndipo nkhani zikuluzikulu zinkathera pafupi ndi kholalo. Malo ankalemekezeka chifukwa cha amene akhalapo ndi zimene zikukambidwapo.

Nyumba ya makolo imene ife alimi tiyenera kuiyang'anitsitsa ndi nkhokwe. Taonani nzeru zake. Imakhala pamwamba, pa miyala kapena pa mafoloko a mtengo wosafumbwa, kuti chinyontho cha pansi chisafike ku chimanga ndiponso kuti chiswe chikayamba kukwera chionekere. Amailuka ndi nsungwi kuti mphepo izidutsa, chimanga chizipitiriza kuuma. Denga lake limatuluka kunja ngati chipewa, mvula n'kumagwera patali. Palibe chimene anaikapo chongokometsera. Chilichonse chili ndi ntchito yake, komabe nkhokwe yolukidwa bwino ndi yokongola. Mfundo zitatuzi, kukweza pansi, kulowetsa mphepo ndi kutalikitsa denga, tikumana nazonso m'nkhani yonseyi.

Njerwa yofiira ya kumishoni

Njerwa yootcha inafala m'dziko muno ndi amishoni ndi amalonda achizungu. Ku Blantyre nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi M'busa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, pamodzi ndi anthu akuda amene anaphunzirira ntchitoyo pomwepo. Anaumba njerwa za mitundu 81 kuti atulutse nsanja, zipilala ndi madenga ozungulira amene tikuwaona lero. Pachilumba cha Likoma, tchalitchi chachikulu cha St Peter anachiyamba mu 1903.

Kuno kwathu njerwa inafika ndi ansembe a chipani cha White Fathers, amene anatsegula mishoni ya Mua mu 1902, m'mphepete mwa phiri pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe. Mishoni ya Mtakataka inatsatira mu 1908, ya Bembeke mu 1910. Amene munafikapo ku Mua mukuidziwa nyumba yakale ya ansembe: njerwa yofiira, denga la matailosi a dothi, ndi khonde la makomo opindika pamwamba ngati uta. Kamangidwe kameneka ansembewo anabwera nako kuchokera kwawo ku Ulaya, ndipo nakonso kanachokera kwa Aroma akale, amene ankamanga milatho ndi ngalande za madzi mwa njira yomweyi zaka 2,000 zapitazo.

Uta wa njerwa uli ndi chinsinsi chimene mmisiri aliyense wachikulire angakuuzeni. Njerwa imapirira kupanikizidwa, koma siipirira kukokedwa kapena kupindidwa. Mukayala njerwa mowongoka pamwamba pa khomo popanda chitsulo, zimagwa. Koma mukaziyala mopindika pa chikombole cha matabwa, n'kutsekera yapakati pamwamba, iliyonse imakankha inzake, kulemera konse n'kutsikira m'zipilala za m'mbali. Mukachotsa matabwa aja, utawo umaima wokha. Nthawi imene ku Mua kunalibe njanji, simenti ndi zitsulo zinali zosowa ndi zodula kwambiri, choncho uta unali njira yotsegulira khomo lalikulu ndi dothi la pompano basi. Chimene lero timachiona ngati chokometsera chinali yankho la umphawi wa zipangizo.

Chipupa chonenepa nachonso chili ndi ntchito. Dzuwa likamawomba masana, kutentha kumalowa m'njerwa pang'onopang'ono, ndipo pofika mkati kunja kwayamba kale kuzizira. Khonde limatchinga dzuwa kuti lisamenye chipupa, limatchinganso mvula kuti isakokolole dothi la pakati pa njerwa. Denga likakhala patali ndi mutu, mpweya wotentha umakwera kumwamba, anthu n'kutsala pozizirira. Ku Dedza boma, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, zimenezi mwina munthu sangazilabadire. Koma kuno kuchigwa, kumene tili pafupi ndi msinkhu wa nyanja ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35, nyumba yozizira yokha popanda magetsi ndi chuma.

Pali zinthu ziwiri zimene okonda zakale sayenera kuiwala. Choyamba, tikamati nyumba za azungu timanena theka la choonadi. Amene anaponda dothi, kuumba, kupanga uvuni, kusenza njerwa pamutu ndi kucheka matabwa anali agogo athu. Luso la umisiri wa njerwa ndi ukalipentala limene lili m'midzi yathu lero linayambira pamenepo, ndipo nyumbazo ndi zathu monga mmene zilili za amishoni. Chachiwiri, nyumba zija zinatheka chifukwa nkhuni zinali mbwee m'phiri, ndipo anthu ankagwira ntchito pa malipiro ochepa kwambiri pofuna kupeza ndalama ya msonkho wa nyumba umene boma la atsamunda linkatolera. Zinthu ziwirizi kulibenso, ndipo chachiwiricho palibe amene angachifunenso.

Njanji inabweretsa malata

Mu 1935 njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima, kudutsa ku Balaka, Golomoti, kuno ku Mtakataka ndi ku Chipoka. Sitima inkanyamula thonje ndi mbewu zina kupita kummwera, pobwerera n'kutenga malata, simenti, misomali ndi zitsulo. Kuyambira pamenepo kamangidwe kanayamba kusintha. Ndi chitsulo ndi konkire, khomo silifunanso uta. Ndi malata, denga limapepuka, mitengo yofolerera imachepa, chipupa sichifunanso kunenepa. Nyumba imene kale inkatenga zaka inayamba kutha m'miyezi.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linali ndi changu. Ana ofuna sukulu anali ambiri, zipatala zochepa, misika ya mbewu yosakwanira. ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971 m'malo mwa Farmers Marketing Board, mashedi a zitsulo ndi malata anafalikira m'dziko lonse, ndipo ku Kanengo kunamangidwa nkhokwe zikuluzikulu za konkire zosungira chimanga cha dziko. Midadada ya sukulu inayamba kumangidwa pa pulani imodzi kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa: makalasi awiri, malata, ndi mabuloko obowola m'malo mwa mawindo.

Tisanyoze zimenezi. Kamangidwe kamakono kanafikitsa sukulu ndi chipatala kumene kukanatenga zaka makumi ambiri tikanadikira njerwa za mitundu 81. Ndipo pali ntchito zina zimene dothi silingathe. Sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley, ya mahekitala 800, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, imadalira konkire potchinga ndi kupatutsa madzi a Namikokwe. Ambiri a ife mpunga umene timadyera ukuchokera m'ngalande za simenti. Shedi yotakata yoti lole ilowe mkati, yopanda zipilala pakati, singatheke popanda zitsulo.

Vuto linabwera pamene pulani imodzi inayamba kumangidwa paliponse mosayang'ana malo. Mdadada umene uli bwino ku Bembeke, ukatsika nawo ku Golomoti umasanduka uvuni. Tonse tikudziwa kalasi ya malata ofupika yopanda siling'i, mmene ana amayamba kusinza dzuwa likangokwera, ndipo mvula ikagwa mphunzitsi amangokhala chete poti mawu sakumveka. Tikudziwanso mashedi otsekeka mbali zonse, mmene usiku malata amachita thukuta n'kumadonthezera pamatumba. Khonde analichotsa pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo ndalama yomweyo inathera kukonza zipupa zodyeka ndi mvula.

Boma nalo linali ndi mitima iwiri

Amene akuganiza kuti kukayikakayika kumeneku ndi kwa ife alimi okha aone zimene linachita boma. Likulu litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, maofesi a ku Capital Hill, amene anamangidwa ndi ngongole yochokera ku South Africa, anali amakono: midadada ya konkire yofanana, mizere yowongoka, yopanda zokometsera. Uthenga wake unali wakuti dziko latsopano lasiyana ndi nyumba za atsamunda za ku Zomba. Koma Dr. Kamuzu Banda yemweyo, pomanga sukulu ya pamtima pake ku Mtunthama m'boma la Kasungu, anabwerera ku zakale. Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981, ili ndi njerwa yofiira, makomo a uta ngati a Aroma ndi nsanja, ndipo ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Mtsogoleri mmodzi, nyumba za mitundu iwiri: pofuna kuonetsa chitukuko anasankha konkire, pofuna kuonetsa ulemu ndi kukhalitsa anasankha uta.

Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe, imene inamangidwa ndi dziko la China n'kutsegulidwa mu 2010, inayesa kugwira zonse ziwiri. Zipangizo zake ndi zamakono, koma ili ndi denga lozungulira pakati ndi zipilala, zimene anthu a mayiko ambiri anazolowera kuziona pa nyumba za malamulo. Ngakhale ku America nkhaniyi sinathe. Mu December 2020 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo lakuti nyumba zatsopano za boma zizitsatira kamangidwe kakale ka Agiriki ndi Aroma. Joe Biden analifafaniza mu February 2021, ndipo Trump atabwereranso anasaina lina mu August 2025. Ngati dziko lolemera chotero likukokanakokana pa za zipilala ndi magalasi, ife tisachite manyazi kuti pamsonkhano wathu mawu anakwera.

Koma pali kusiyana. Iwo akukangana za maonekedwe, chifukwa nyumba zawo, zakale ndi zamakono zomwe, zili ndi makina oziziritsa ndi magetsi osathima. Ife tikalakwitsa, chimene chiwonongeke ndi mpunga wa mamembala.

Njira yachitatu ili pakhomo pathu pomwe

Chosangalatsa n'chakuti yankho lina lili konkuno ku Mua. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni, kumene amisiri osema ndi ojambula akhala akuphunzira ntchito. Pamalo pomwepo pali nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare, imene inatsegulidwa mu 2000. Dzinali ndi mmene anthu ankatchulira Bambo Champmartin, wansembe wa ku France amene anatumikira ku Mua kale. Nyumbayi ili ndi zipinda zitatu zofotokoza za Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana. Koma taonani kamangidwe kake. Sanakopere tchalitchi cha ku Ulaya, sanakoperenso ofesi ya ku Lilongwe. Anatenga maonekedwe ozungulira a nyumba za makolo, n'kumanga ndi zipangizo zolimba za masiku ano, kunja kwake n'kujambulako mbiri ya dziko lino. Mlendo wochokera kutali akafika amadziwa kuti ali ku Malawi, ndipo mwana wa pamudzi akafika saopa kulowa.

Anzathu ena mu Africa atsata njira yomweyi. Ku Burkina Faso, dziko lotentha kuposa kuno, Francis Kéré anamanga sukulu ya pulayimale m'mudzi wa kwawo wa Gando mu 2001. Zipupa ndi za njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono. Denga ndi la malata ndithu, koma analikweza pa zitsulo, kusiya mpata pakati pa malata ndi siling'i ya dothi, kuti mphepo izidutsa n'kuchotsa kutentha, ndipo malatawo anatuluka kunja kutchinga zipupa. Anthu a m'mudzimo ndiwo anagwira ntchitoyo. Mu 2022 Kéré analandira mphotho ya Pritzker, yaikulu kwambiri pa ntchito yojambula nyumba, ndipo anali munthu woyamba wa mu Africa kuilandira. Kuno kwathu, pachipatala cha boma ku Kasungu, mu 2015 anamanga malo odikirira amayi oyembekezera ngati kamudzi: tinyumba ting'onoting'ono ta njerwa zosaotcha zopanikiza ndi makina, mabwalo pakati, ndi madenga otambalala opereka mthunzi pamene amayi amakhala, kuphika ndi kucheza. Mukaziyang'ana bwino nyumba zimenezi mupeza mfundo zitatu za nkhokwe zija zili momwemo.

Zimene nthaka ndi mphepo zatiphunzitsa

Achikulire akukumbukira usiku wa pa 10 March 1989, pamene chivomezi chinagwedeza Salima ndi madera oyandikana nawo mpaka kuno ku Dedza. Anthu anafa, ndipo zikwi zambiri anatsala opanda pogona. Mu December 2009 zinachitikanso ku Karonga. Tili m'chigwa chachikulu chimene nyanja yathu inakhalamo, ndipo nthaka ya kuno imagwedezeka nthawi ndi nthawi. Apa ndi pamene kamangidwe kakale kali ndi chofooka. Chipupa cholemera cha njerwa chopanda chitsulo chimapirira kulemera kochokera pamwamba, koma chikakankhidwa cham'mbali chimang'ambika m'makona. Mankhwala ake ndi amakono: lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo, amene amisiri amati ring beam, ndi makona omangidwa molumikizana bwino.

Dothi lathu nalo ndi lovuta. Makande amafufuma nthawi ya dzinja, n'kung'ambika nthawi ya chilimwe, ndipo maziko osaya amasweka ngakhale nyumbayo ikhale yokongola chotani. Madzi otsika m'phiri sachedwa kudzaza chigwa, ndipo akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Malo omangapo tifunse amene akhala pano zaka zambiri, atiuze pamene madzi anafika chaka cha mvula yoopsa. Mphepo ya mkuntho yoyamba ndi mvula tonse taiona ikusasula madenga a sukulu ndi matchalitchi. Kawirikawiri chimene chimalephera si malata, koma kamangiridwe: mitengo ya denga yongokhazika pachipupa, osaimanga ndi waya kapena chitsulo chozikika m'lamba uja.

Pali nkhani inanso imene okonda njerwa yofiira ayenera kuidziwa. Mu 2018 boma, kudzera ku bungwe la National Construction Industry Council, linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Ife amene timaona mmene phiri layerera, ndi mmene mchenga ukutsikira m'mitsinje n'kudzaza ngalande za kusikimu, sitifunika kutiuza kawiri. Uvuni uliwonse ndi mitengo, ndipo mtengo uliwonse wogwa kumtunda ndi mchenga m'munda wa mpunga kumunsi. Ndiye kumanga ndendende ngati mu 1902 sikungatheke. Chimene tingatenge ku Mua ndi nzeru yake, pomwe njerwa tigwiritse za masiku ano: mabuloko a simenti, kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopanikiza ndi makina, zimene siziotchedwa ndipo zimasunga kuzizira bwino.

Tisanavomereze pulani

Mbiri yonseyi ikutipatsa mafunso oti tidzafunse tsiku limene komiti idzabweretse pulani ku msonkhano waukulu. Chithunzi cha pakompyuta chimakoma nthawi zonse, chili ndi maluwa ndi galimoto pakhomo. Koma paja chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tidzafunse izi.

Kodi pansi pakwezedwa mokwanira, ndipo pamaziko paikidwa pulasitiki yotchinga chinyontho? Chimanga chimasungika chikauma kufika pa 13 peresenti, mpunga wosapuntha pa 14. Tingaumitse bwino chotani, simenti yapansi ikamatulutsa chinyontho matumba apansi adzachita chuku, ndipo wogula wamkulu akapeza chuku amabweza lole yonse. Matumba akhale pa mapaleti, ndipo pakati pa mulu ndi chipupa pakhale mpata woti munthu adutse poyendera.

Kodi mphepo ilowera pati, itulukira pati? Pafunika mipata m'munsi mwa denga ndi pamsonga pake, yotchingidwa ndi sefa ya waya kuti mbalame ndi makoswe asalowe. Nyumba italike kuchokera kummawa kupita kumadzulo, kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo lizimenya zipupa zifupizifupi.

Kodi khonde lilipo, ndipo ndi lalikulu bwanji? Pa nyumba ya kopaletivi khonde ndiye bwalo lathu. Ndi pamene mayi wochokera kutali ndi thumba panjinga adzadikire sikelo, pamene tidzayeze mbewu mvula ikugwa, pamene mamembala adzakhale poyera n'kumva lipoti la ndalama. Kontilakitala akadzati tichotse khonde kuti mtengo utsike, tidzamuuze achotse magalasi.

Kodi agogo ndi anzathu oyenda pa njinga ya olumala adzalowa bwanji? Masitepe ataliatali a nyumba zakale ankapereka ulemu kwa nyumba, koma ankatsekereza anthu ena kunja. Pakhale potsetsereka.

Kodi chikawonongeka, adzakonze ndani? Galasi lalikulu likasweka, lina lichokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, pa mtengo wa matumba angapo a mpunga. Chitseko cha matabwa kapena chachitsulo amachikonza mmisiri wa pa Mtakataka kapena pa Golomoti tsiku lomwelo. Nyumba za ku Mua zakhalitsa chifukwa zinamangidwa bwino, komanso chifukwa pakhala pali anthu ozisamalira chaka ndi chaka. Mu bajeti yathu mukhale mzere wa zokonzakonza kuyambira chaka choyamba.

Funso lomaliza ndi la maonekedwe, ndipo tisalipeputse. Amene akufuna nyumba yooneka bwino ali ndi mfundo. Wogula akafika amayamba waona nyumba asanaone mpunga, a banki nawonso chimodzimodzi, ndipo achinyamata athu sadzalowa m'gulu looneka ngati latha kale. Koma ulemu wa nyumba suchokera ku galasi lokha. Tili ndi amisiri osema ndi ojambula pakhomo pompano amene ntchito zawo zimagulidwa ndi alendo ochokera kunja. Chitseko cha ofesi chosemedwa ngala za mpunga, khasu ndi nsomba, kapena chipupa cha kumaso chojambulidwa mbiri ya gulu lathu, chingaimitse wodutsa pa M5 kuposa magalasi amene ali pa sitolo iliyonse m'tauni. Ndalama yake n'kutsalanso m'mudzi.

Mawu otsiriza

Kalonga anatisiyira bwalo, agogo anatisiyira nkhokwe, amisiri a kumishoni anatisiyira khonde ndi chipupa chozizira, njanji inatibweretsera chitsulo ndi simenti. Palibe chifukwa chosankhira chimodzi n'kutaya zinazo. Shedi ikhale yamakono m'mafupa ake, ya zitsulo, konkire ndi lamba wolimba, yotakata moti lole n'kulowa. Ofesi ndi malo a misonkhano zitenge mthunzi ndi mphepo ya nyumba zakale. Ndipo zonse zikhale zoti ife eni tingathe kuzilipira ndi kuzisamalira popanda ngongole yotimiza.

Mutu umodzi susenza denga. Mwambi umenewu unachokera pa ntchito yeniyeni: denga la nkhokwe amalimangira pansi, kenako anthu amaitanizana n'kulinyamula pamodzi kukaliika pamwamba. Zaka khumi zapitazi tanyamula zambiri mwa njira imeneyi. Tsiku la pulani likadzafika, bwerani nonse, amayi, abambo ndi achinyamata, mudzafunse mafunso osaopa kuti simunapite patali ndi sukulu. Amene anamangapo nkhokwe yosalowa madzi akudziwa kale zambiri za nyumba imene tikufuna.

Chikondwerero chabwino kwa nonse.